Kuyambira pa Mpondabwino Mpaka Pamwamba pa Phiri la Zomba: Ana Amene Kaundula wa Khansa Sawadziwa

Msika wa pa Mpondabwino umadzukira limodzi ndi chipatala. Dzuwa likamasuzumira kumbali ya nyanja ya Chilwa, amalonda amakhala atayala kale, ndipo ukangoona zimene ayalazo umadziwiratu ogula ake. Pali mabeseni ndi ndowa zapulasitiki, mafulasiki, makapu, sopo wodula m'zidutswa, ufa wa wokumani, matemba a pamulu, ndi nkhuni zomanga timitolo tongokwana kuphikira phala limodzi. Ambiri ogula ndi magadiyani a pa chipatala chachikulu cha Zomba, chomwe chili chapafupi pomwepa, m'mbali mwa msewu wopita ku Blantyre. Sasowa. Chitenje amanga mothamanga, maso ali psuu ndi tulo, ndalama ili pamfundo ya nsalu, ndipo sanenerera mtengo nthawi yaitali poti mtima uli kuwodi.

Chipatala chimenechi chimalandira odwala amene alephereka ku Machinga, ku Mangochi, ku Balaka, ku Phalombe ndi m'midzi ya boma la Zomba lomweli. Ndinasankha kuyambira pano ulendo wanga wokwera phiri chifukwa cha mawu amene amamveka ngakhale pakamwa pa anthu ophunzira, akuti khansa ya m'magazi ya ana ndi nthenda ya kwa azungu, kwathu kuno njosowa. Mabuku a ziwerengero nawo amakhala ngati akuvomereza. Kafukufuku wamkulu amene anatulutsidwa mu 2017 ndi IARC, nthambi ya bungwe la WHO yoona za khansa, anapeza kuti pa ana 1 miliyoni osapitirira zaka 14, pafupifupi 46 amapezeka ndi khansa ya m'magazi chaka chilichonse. Koma makaundula a m'mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara amasonyeza chiwerengero chosafika ndi theka lomwe. Nanga ana athu sadwala, kapena ife ndi amene sitiwapeza?

Pafupi ndi ogulitsa nkhuni panali mayi wina atabereka mwana wamwamuna wamkulu ndithu, wa zaka ngati zisanu, msinkhu woti akanakhala akuthamanga yekha patsogolo. Miyendo inkalendewera mpaka m'ntchafu mwa mayi ake.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka, bambo, kaya inu."

"Nanga abambowa kumbuyoku agona bwanji?"

"Iii, ndiye odwalawo. Akukana kuyenda, akuti miyendo ikuwawa m'kati. Adokotala atiuza kuti lero tinyamuke, akamuyeze bwino magazi ku Gulupu. Ndiye ndati ndigulireko kaufa."

Anandilola kuona kabuku ka kuchipatala, komwe anakakulunga m'pepala la shuga kuopa mvula. Masamba oyamba anali a sikelo ndi katemera, zonse zili m'malo mwake, mzere wa kulemera ukukwera bwinobwino. Masamba otsatira ndiwo anadzaza mothinana m'miyezi yochepa chabe. Kutentha thupi, mankhwala a malungo a LA ndi panado. Kutentha thupi, malungo sanapezeke, amokisilini. Kutentha thupi, LA kachiwiri. Kuchepa magazi, mapiritsi owonjezera magazi. Kenako kuikidwa magazi. Zolemba zinali za manja osiyanasiyana ndi zidindo zosiyanasiyana, aliyense akuchiza chimene waona tsiku limenelo. Mwanayo atatambasula dzanja kuti alandire nthochi, chikhatho chinali choyera mbuu. Pamsongolo panali mikwingwirima yakuda pomwe sanagwe kapena kumenyedwa, ndipo m'mawondo munali mphini zatsopano.

"Kumudzi anati ndi tsempho," anatero mayiyo ataona kuti maso anga ali pa mphinizo. "Ena anati alodzedwa. Ine ndi bambo ake tinatsala pang'ono kulekana."

Chigamulo cha nthenda ya mwanayu chikachokera ku Gulupu, chipatala chachikulu cha ku Blantyre, akakamuyeza. Koma kabuku kotere madokotala a ana amakadziwa bwino, chifukwa umu ndi mmene khansa ya m'magazi imayendera isanatchulidwe dzina.

Magazi amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa. M'menemo ndimo mumachokera maselo ofiira onyamula mpweya, maselo oyera olimbana ndi matenda, komanso tizidutswa toundanitsa magazi munthu akadzicheka. Khansa ikayamba, selo limodzi loyera losakhwima limangoswana osaleka, mpaka kulanda malo onse monga achitira nansongole m'munda wosapalira. Maselo ofiira akachepa, mwana amayezuka ndi kufooka. Tizidutswa toundanitsa tikachepa, amatuluka kamfuno, nkhama zimachucha magazi, mikwingwirima imangobwera yokha. Maselo oyera abwino akachepa, thupi limangotentha, chifuwa ndi zilonda za m'kamwa sizitha. Mafupa amawawa poti m'kati mwadzaza, kapamba ndi chiwindi zimatupa, mwanabere amatuluka m'khosi ndi m'khwapa. Mtundu wofala kwambiri mwa ana, womwe madokotala amautchula mwachidule kuti ALL, umakonda ana a zaka 2 mpaka 5, ndipo ukapanda kuchizidwa umapha m'miyezi yowerengeka. Nthendayi sapatsirana, ndipo sibwera chifukwa cha mwambo umene makolo anaswa.

Taonaninso zizindikirozo: kutentha thupi, kuchepa magazi, kutupa kapamba. Ndi zomwezo za malungo. Kumadambo, komwe ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi ngakhale akusewera bwinobwino, kachipangizo koyezera kaja kakhoza kuonetsa mizere iwiri, kufufuza n'kuthera pomwepo. Wachipatala amene panja pamudikira mzere wautali salakwa kuyamba ndi malungo, pakuti nthawi zambiri amakhaladi malungo. Chovuta n'chakuti chimene chingaulule khansayi ndi kuwerenga maselo onse a m'magazi, komwe achipatala amati full blood count, kenako kupaka dontho la magazi pagalasi kuti katswiri aliyang'ane pa maikulosikopu, ndipo pomaliza kupopa mafuta a m'fupa la m'chiuno. Zipatala zazing'ono zambiri za kumidzi zilibe ngakhale makina a gawo loyambalo.

Nditatsanzikana ndi mayi uja ndinatsata msewu waukulu kulowera m'tauni, akabaza akundiimbira mabelu kumbuyo. Zomba ndi tauni ya mapepala. Inali likulu la dziko mpaka 1975, aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994, ndipo mpaka lero kuno ndi komwe kuli nyumba yosungira mbiri ya dziko, makina osindikizira a boma, Yunivesite ya Malawi, ndi likulu la ofesi yowerenga anthu ya National Statistical Office. Kunja kwa ofesi imeneyi ndinakhala pamthunzi n'kuchita masamu a kupulayimale.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno. Mumzinda wa Zomba munali anthu oposa 105,000, m'midzi ya bomali oposa 746,000, kutanthauza anthu pafupifupi 850,000 pamodzi. Mwa Amalawi 10 alionse, oposa 4 ndi ana osakwana zaka 15. Ndiye kuti boma la Zomba lokha lili ndi ana cha m'ma 350,000. Tikatengera chiwerengero chija cha 46 pa 1 miliyoni, tingayembekezere ana pafupifupi 16 odwala khansa ya m'magazi chaka chilichonse m'boma limodzi lokhali, ndi oposa 300 m'dziko lonse. Alipo akatswiri, monga Mel Greaves wa ku London, amene amati ana okumana ndi tizilombo tosiyanasiyana adakali makanda, monga akhalira ana a m'mabanja aakulu a kumudzi, amakhala otetezekako ku ALL. Chabwino, tidule chiwerengerocho pakati. Atsalabe ana 8 pachaka ku Zomba, ndi oposa 150 m'dziko. Nthenda yotere sitingaitche yosowa.

Kaundula wa khansa wa dziko lino ali ku Blantyre, ndipo monga kaundula aliyense wa mtunduwu, amalemba munthu amene wayezedwa n'kupezeka nayo. Mwana womwalirira kumudzi salowamo. Womwalirira pa bedi la chipatala chaching'ono atalembedwa kuti malungo aakulu, nayenso salowamo. Mu 2019 magazini ya Lancet Oncology inatulutsa kuyerekezera kwakuti mwa ana pafupifupi 397,000 amene anadwala khansa padziko lonse mu 2015, ana 43 pa 100 alionse sanadziwike n'komwe kuti ndi khansa. Kumadzulo kwa Ulaya ndi ku North America osadziwikawo anali 3 pa 100, pomwe kumadzulo kwa Africa anali 57 pa 100. Dera likakhala losauka ndi lakutali, khansa yake imachepa papepala, osati m'nyumba za anthu.

Ofesi yowerenga anthu ija ili ndi ziwerengero zina zonyaditsa. Mu 1992, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanafike zaka 5. Pofika 2015 ndi 2016 anatsika kufika pa 63. Imeneyi ndi ntchito ya katemera, maneti, Thanzi ORS, ma ARV ndi alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi. Koma ana akaleka kufa ndi chikuku ndi kutsegula m'mimba, matenda amene ankabisala kumbuyo amayamba kuonekera. Khansa ndi imodzi mwa iwo.

Kuchoka apa msewu umayamba kukwera. Umadutsa nyumba zakale za boma, za njerwa zofiira, makonde otambalala ndi malata adzimbiri, n'kufika kumunda wa mitengo ndi maluwa umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Madzi amasokosera m'miyala, apusi akudumpha m'nthambi, ophunzira a ku yunivesite atakhala pa kapinga ndi mabuku awo. M'mphepete mwa mipanda ya nyumba za kuderali ndinaona kaluwa kamene tonse timakadziwa, ka masamba asanu, kena kofiirira kena koyera, komera pakhomo, kusukulu ndi kumanda komwe popanda wokathirira. Kwawo ndi ku Madagascar, ndipo asayansi amakatcha Catharanthus roseus. M'masamba a kaluwa kameneka ndimo anapezamo vincristine, mankhwala amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1960, ndipo mpaka lero palibe mwana wa ALL amene amachizidwa popanda iwo. Koma pasapezeke woganiza zokaphika masambawo. Chomeracho chili ndi poizoni, ndipo mankhwalawo amatuluka pang'ono kwambiri m'masamba ochuluka zedi, kufakitale, n'kuperekedwa kudzera mumtsempha pamlingo woyezedwa.

Mbiri ya mankhwalawa ndi yolimbitsa mtima. Mpaka 1948, pamene dokotala Sidney Farber wa ku Boston anaonetsa kuti mankhwala akhoza kubweza khansayi kwa kanthawi, mwana aliyense wopezeka nayo ankangodikira tsiku. M'zaka za m'ma 1960 ochira sankafika 1 mwa 10. Lero kumayiko olemera ana pafupifupi 9 mwa 10 odwala ALL amachira n'kukula. Mankhwala ake ambiri ndi akalekale: vincristine, prednisolone, methotrexate, mercaptopurine, asparaginase. Komabe bungwe la WHO limati pomwe ana oposa 80 pa 100 odwala khansa amachira kumayiko olemera, m'mayiko ambiri osauka ochira safika 30 pa 100.

Msewu wokwera phiri ndi wokhotakhota, kuphompho kuli kumbali. Panjira umakumana ndi amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira, ndi anyamata ogwira njinga zodzaza zipika, mabuleki akulira. Chakumtunda, pafupi ndi hotela ya Ku Chawe, anyamata amathamangira galimoto iliyonse ndi timbale ta sitiroberi, mabulosi ndi jamu. Mphepo yasinthiratu, ndi yozizira, yonunkhira paini, ngakhale kuti malo ambiri atsala zitsa zokhazokha. Ndinadutsa damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzinda wonse uli pansipo, n'kutsata njira ya m'nkhalango ndi mnyamata wina woperekeza alendo mpaka pa Emperor's View, pomwe mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaima mu 1965. Chapafupi pali Queen's View, pokumbukira ulendo wa mayi a Mfumukazi Elizabeth mu 1957.

"Uko ndi Mulanje, madala," anatero mnyamatayo akuloza ndi ndodo. "Chigwa chonsechi ndi cha ku Phalombe. Kumanzereku ndi Chilwa, ndipo kaphiri kali m'madzi kaja ndi Chisi."

Nsonga ya phirili, Malumbe, ndi yotalika mamita oposa 2,000. Tauni ili cha pa mamita 900, ndipo nyanja ya Chilwa ili pa mamita opitirira pang'ono 600. Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yake pa nkhani ya khansa ya ana. Mu 1958 dokotala wa maopaleshoni Denis Burkitt, akugwira ntchito ku Kampala, analemba za chotupa chachilendo chimene chimatupitsa nsagwada za ana. Mu 1961 iye ndi madokotala anzake awiri anakwera galimoto yakale n'kuyenda makilomita pafupifupi 16,000, kudutsanso m'Nyasaland muno, akuonetsa zithunzi m'zipatala za boma ndi za mishoni n'kumafunsa ngati anaonapo mwana wotere. Anapeza kuti chotupacho chimatsata kutentha ndi chinyezi. Kuno chinkapezeka m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa, koma chinkasowa kumalo okwera kupitirira mamita pafupifupi 900. Pambuyo pake zinadziwika kuti malire amenewo ndi malire a malungo a chaka chonse, ndipo mu 1964 m'zotupa zomwezo munapezeka kachilombo ka Epstein-Barr. Kuchokera pomwe ndinaimapo, malire a Burkitt amaoneka ndi maso: tauni ili pamzere, ndipo chigwa chonse mpaka ku Chilwa chili kunsi kwake.

Mpaka lero chotupa cha Burkitt ndicho chimatsogola pa khansa za ana zolembedwa ku Malawi, pomwe kumayiko olemera imatsogola ndi ya m'magazi, yomwe imatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a khansa zonse za ana. Malungo ndiwo achulukitsa Burkitt kwathu kuno, zimenezo n'zoona. Koma palinso chifukwa china chimene sitichitchula kawirikawiri. Chotupa cha Burkitt chimaoneka. Tsaya likatupa, diso likatong'oka, mano akayamba kugwedera, agogo amaona, mfumu imaona, mlangizi wa zaumoyo amaona ali panjinga. Chotupa cha impso, chomwe amati Wilms, chimakuza mimba. Khansa ya m'diso imayeretsa mwanadiso. Zonsezi munthu akhoza kuzijambula n'kuziwerenga monga anachitira Burkitt. Khansa ya m'magazi ilibe choti ujambule. Imafuna labotale, magetsi, mankhwala opakira galasi ndi munthu wophunzira kuyang'ana. Kumene kulibe zimenezi, imaikidwa m'manda ndi dzina la nthenda ina.

Ndinayang'anitsitsa chilumba cha Chisi n'kuyamba kuwerenga mtunda. Mayi wa kumeneko, mwana akakana kuyenda, ayambe wapeza bwato lokafika pa Kachulu. Chaka chimene nyanja yaphwa, monga zinachitikira mu 1995 ndi 2018, bwato limathera panjira ndipo kotsalako ndi matope. Kuchoka pa Kachulu kufika m'tauni ndi makilomita pafupifupi 30. Kuchoka m'tauni kukafika ku Gulupu ndi ena oposa 60. Ndipo ulendowu si wa kamodzi. Chithandizo cha ALL chimatenga zaka ziwiri kapena kupitirira. Mwezi woyamba mwana amagonekedwa, akulandira mankhwala amphamvu a mumtsempha ndi ena obaya pamsana kuti khansa isabisale mu ubongo. Tsitsi limathothoka, masaya amatupa, njala imakula, ndipo kutentha thupi kulikonse kumakhala kwangozi poti chitetezo chagwa. Kenako amabwerera kumudzi ndi mapiritsi a tsiku ndi tsiku, n'kumapita kuchipatala mwezi ndi mwezi.

"Mwana wa achemwali anga anapitako ku Gulupu kuja," anatero mnyamata uja titayamba kutsika. "Anabwerako ali bwino, akusewera mpira. Ndiye alamu anati wachira, ndalama ya minibasi tigulire feteleza. Mvula isanathe zinayambiranso."

Sindinafunse kuti zinatha bwanji, pakuti iye anangowerama n'kuyamba kuthyola udzu wa m'mbali mwa njira. Madokotala a ku Gulupu anafufuzapo nkhani imeneyi pocheza ndi magadiyani, ndipo anapeza kuti makolo sasiya mankhwala chifukwa chosakonda mwana. Mankhwala m'chipatala cha boma ndi aulere, koma thiransipoti si yaulere, chakudya cha gadiyani si chaulere, kumunda kulibe wolima, ndipo ana ena atsala okha pakhomo. Palinso chinyengo cha nthendayi: pakatha mwezi woyamba ana ambiri amaoneka ochira, chonsecho maselo oipa akadalipo ochepa, ndipo mankhwala akangodukiza amabwerera ndi ukali woposa poyamba.

Ndinafika pa depoti dzuwa litapendeka. Oitanira anali pakalikiliki, "Limbe, Blantyre! Limbe, Blantyre!", amayi a chimanga chootcha akukupiza makala. Minibasi zimenezi zimadutsa pa Thondwe ndi pa Namadzi, ndipo kumapeto kwa msewuwo kuli chiyembekezo chenicheni. Pa chipatala cha Gulupu pali wodi ya ana odwala khansa yomwe aliyense amaidziwa kuti Sobo. Pulofesa Elizabeth Molyneux, amene anatsogolera nthambi ya ana kumeneko kwa zaka zambiri, pamodzi ndi anzake anaonetsa dziko kuti chotupa cha Burkitt chikhoza kuchizidwa ndi mankhwala otsika mtengo. Dokotala George Chagaluka ndi gulu lake, mothandizana ndi akatswiri a ku Newcastle ku England, anakonza ndondomeko yochizira ALL yogwirizana ndi mphamvu za chipatala chathu, chifukwa mlingo wa ku Ulaya ukhoza kupha mwana woperewera zakudya kumalo kumene magazi ndi mankhwala ophera tizilombo sapezeka nthawi zonse. Zithunzi za pa maikulosikopu amatha kuzitumiza pa intaneti kuti akatswiri akunja athandize kutsimikiza. Pomwepo palinso gulu la Umodzi, losamalira ana amene nthenda yawo yafika posachizika kuti asamve ululu. Ku Lilongwe, pa chipatala cha Kamuzu Central, ntchito yofanana ikuyenda mothandizidwa ndi pulogalamu ya Global HOPE ya chipatala cha Texas Children's, yomwe inakhazikitsidwa mu 2017.

Mu 2018 bungwe la WHO linaika cholinga chakuti pofika 2030 ana 60 pa 100 odwala khansa padziko lonse azichira, ndipo ALL, Burkitt ndi Wilms zili pa mndandanda wa khansa zisanu ndi imodzi zoyambira. Anansi athu a ku Zambia ali m'gulu la mayiko oyamba kulandira mankhwala a khansa ya ana kudzera mu mgwirizano wa WHO ndi chipatala cha St. Jude cha ku America. Zonsezi ndi zabwino, koma zimathandiza mwana yekhayo amene wafika pa khomo la wodi. Nkhondo yathu yaikulu ili pakati pa mudzi ndi khomo limenelo: makina owerengera maselo m'zipatala za kumidzi ndi mankhwala ake osadukiza, achipatala ophunzitsidwa kutembenuza masamba a kabuku asanalembe LA wachitatu, ndalama ya ulendo kwa gadiyani, ndi kaundula wofika mpaka ku Chisi.

Pali chinthu chimodzi chimene mzinda wa Zomba ukhoza kupereka lero lomwe osadikira bajeti. Mwana wa khansa ya m'magazi amaikidwa magazi kambirimbiri, makamaka m'miyezi yoyamba. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ana asukulu, n'chifukwa chake magazi amachepa sukulu zikatsekera, makamaka pa tchuthi cha Khirisimasi, nthawi yomweyo imene malungo amayamba kuchuluka. Zomba ndi mzinda wa yunivesite, wa koleji ya aphunzitsi ku Domasi, wa asilikali a ku Cobbe Barracks, wa apolisi, wa mipingo ndi mizikiti yodzaza. Munthu wathanzi wa zaka 16 kupita m'tsogolo akhoza kupereka magazi, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa inu makolo, agogo ndi alangizi a zaumoyo: mwana akamatentha thupi mobwerezabwereza, mankhwala a malungo osathandiza, zikhatho ndi m'maso mukuyera, mikwingwirima ikubwera yokha, kamfuno osaleka, kapena akukana kuyenda chifukwa mafupa akuwawa, musathe miyezi mukulozana zala pakhomo, ndipo musamugulire mapiritsi pa golosale. Tengani kabuku kake, muonetse wachipatala masamba onse kuyambira pomwe zinayambira, ndipo mupemphe mwaulemu kuti awerenge maselo a m'magazi kapena akutumizeni komwe kuli makinawo. Akakuuzani kuti ndi khansa, malizani mankhwala mpaka tsiku limene adokotala eni ake anene kuti basi, ngakhale mwana akuoneka wochira. Khansa ya m'magazi ilipo pakati pathu, ndipo mwana wopezeka nayo msanga ali ndi mwayi wochira.